KWA ENI CHIMANGA: ULENDO WA KU GOMBE LA AMAYA

Amayi anzanga, pamene mukupeta mphale pabwalo kapena kuvundula nsima madzulo ano, kodi mudayamba mwadzifunsa kumene chimanga chidachokera? Ambiri a ife timangoti nchathu, poti tidabadwa tikuchiona m'nkhokwe. Komatu makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chimanga ndi mlendo amene adafika m'Afirika pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, nayenda pang'onopang'ono kuchokera kugombe mpaka kudzakhazikika m'minda yathu ya kumtunda kuno. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu adayamba kuchibzala zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ine ndidachita mwayi wofika m'chigawo china cha dziko limenelo chotchedwa Yucatán, kwawo kwa mtundu wa Amaya, ndipo ndati ndikusimbireni zimene maso anga adaona.

Adanditenga ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito kunja. Ulendo wake ngwa masiku awiri, kusintha ndege kangapo, ndipo ukafika umapeza nthawi yabwerera m'mbuyo ndi maola 7, kotero kuti pamene kwathu kuno mukupakula nkhomaliro, kumeneko tambala akulira kumene. Tidatera ku Cancún, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere ya Caribbean. Mu 1970 pamalopo padalibe mzinda, koma mchenga, mitengo ya kokonati ndi asodzi owerengeka. Boma la Mexico lidasankha malowo mwadala kuti likope alendo pamodzi ndi ndalama zawo, ndipo mahotela oyamba adatsegulidwa mu 1974. Pofika pa kalembera wa mu 2020 anthu okhala mumzindawu adali atapitirira 880,000.

Ndisakunamizeni, kukongola kulipo. Mchenga wake ngoyera ngati ufa wosefa, ndipo sutentha kumapazi ngakhale dzuwa liri paliwombo. Madzi ake ngobiriwira moti munthu umaona zala zako za kumapazi uli m'madzi olekeza m'chiuno. Koma ine masiku awiri adandikwana, chifukwa mahotela ondondozana makilomita oposa 20 amangofanana, ndipo ukakhalamo sudziwa kuti uli m'dziko la yani. Chimene chidandigwira mtima ndi china. Kabuku ka alendo kamene tidapeza m'chipinda kankasimba za Amaya ngati mtundu umene udazimirira kalekale nusiya miyala yokha. Tsono m'mawa mwake ndidamva atsikana awiri oyala mabedi akucheza pakhonde m'chinenero chimene mwana wanga, amene amamva Chisipanishi, sadatolepo ndi liwu limodzi lomwe. Titawafunsa adaseka nati ndi Chimaya, chinenero cha kwawo. Anthu ozimirirawo ndiwo ankatiyalira pogona.

Kuchokera ku Cancún msewu umatsata gombe kulowera kummwera makilomita pafupifupi 130 kukafika ku mabwinja a Tulum. Dzinali litanthauza linga, pakuti mzindawo udazingidwa ndi khoma lamiyala kumbali zitatu, pamene mbali yachinayi ndi phompho la mamita 12 lotsikira m'nyanja. Akuti dzina lake lakale lidali Zama, ndiko kuti mbandakucha, poti mzindawo udapenya kotulukira dzuwa. Si mzinda waukulu, ndipo makomo a nyumba zake ngaafupi, oti ine ndemwe, wosatalika chonchi, ndikadalowa chowerama. Koma malo amene adausankhira ngodabwitsa. Kunyanjako kuli mpanda wautali wa matanthwe a m'madzi umene umaswa mafunde nuphwanyanso mabwato, ndipo moyang'anizana ndi nyumba yaikulu yotchedwa El Castillo mpandawo uli ndi mpata, pamene pansi pa phompholo pali kadooko kamchenga. Apo ndipo pankakocheza mabwato amalonda, osemedwa kuchokera ku mtengo umodzi monga a asodzi athu, koma aakulu kwambiri. Ankanyamula mchere, uchi ndi nsalu za thonje, nabwerako ndi mwala wakuda wonyezimira ngati galasi wochokera kumapiri a Guatemala, umene ukasweka umathwa kuposa lumo. Nthanga za koko, zomwe lero amapangira chokoleti, ndizo zidali ndalama zawo.

Mu 1518 zombo za Azungu a ku Spain, motsogozedwa ndi Juan de Grijalva, zidadutsa pagombeli, ndipo wansembe amene adali m'chombomo adalemba kuti adaona mzinda wosachepera Seville wa kwawo. Sipadathe zaka 100, mzindawo udasanduka bwinja, makamaka chifukwa cha nthomba ndi matenda ena achilendo amene adapulula anthu. Lero eni malowo ndi abuluzi aakulu ngati ng'azi, amene amaothera dzuwa pamakwerero osasamala za munthu. Wofuna kukaonako alawire m'mamawa atatenga chipewa ndi madzi akumwa, chifukwa mithunzi njochepa ndipo ikamakwana 11 koloko mabasi a alendo amakhala atadzaza.

Malo amene ine monga mayi sindidzawaiwala ali pachilumba cha Cozumel, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima yapamadzi kuchokera ku Playa del Carmen. Pakati pa chilumbacho, pamalo otchedwa San Gervasio, pali mabwinja a akachisi aang'onoang'ono, osadzionetsera konse poyerekeza ndi ena. Chilumbachi chidali malo opembedzerako Ixchel, mulungu wamkazi wa uchembere, uzamba ndi mankhwala. Amayi ankachokera kutali, ena kuyenda pansi masiku ambiri, kenaka nkuwoloka nyanja ya mafunde makilomita pafupifupi 19 pa bwato lopalasa, kukapempha mphatso ya mwana kapena kuti adzachire bwino nthawi yawo ikakwana. Zidalembedwanso kuti azamba ankaika kafano ka Ixchel pansi pa kama wa mayi amene ali m'chikuta. Ndidakhala pamwala pamenepo kanthawi ndithu. Ife tonse tikumudziwa mayi wina amene adazungulira zipatala ndi asing'anga pofuna mwana, apongozi akumuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo sindidavutike kumuona m'maganizo mayi wotereyo atagwiritsa m'mphepete mwa bwato, mafunde akumuthira kumaso. Kumpoto, pafupi ndi Cancún, kuli chilumba china chotchedwa Isla Mujeres, kutanthauza Chilumba cha Akazi. Adachitcha motero Azungu a ku Spain mu 1517 chifukwa cha mafano ambiri aakazi amene adawapeza pamenepo.

Tsono za madzi. Kumpoto kwa Yucatán mungayende tsiku lonse osawoloka mtsinje ndi umodzi womwe. Dziko lonselo ndi thanthwe la njereza lobookabooka ngati chisa cha njuchi, ndipo mvula ikagwa madzi amangolowa pansi nayenda m'mapanga. Pena denga la phanga limagumuka, nkutseguka chitsime chachilengedwe chimene amachitcha cenote. Zitsime zoterezi ziripo zikwi zingapo, ndipo midzi ndi mizinda ya Amaya inkamangidwa pafupi nazo. China chimene tidatsikiramo chidali ngati nyumba yaikulu ya pansi pa nthaka, kuwala kukulowera pabowo la pamwamba, mizu ya mitengo italendewera mpaka kukhudza madzi. Oyang'anira ake amayamba akuuzani kuti musambe kuchotsa mafuta odzola musanalowe. Achinyamata ankadumphiramo mokuwa. Ine ndidangoviika mapazi, tinsomba nkumandijompha zidendene.

Mapanga amenewa ngolumikizana. Amodzi mwa iwo, otchedwa Sac Actun, pafupi ndi Tulum, adayezedwa mu 2018 napezeka kuti ngotalika makilomita oposa 340. Mu 2007 akatswiri osambira pansi pa madzi adapeza m'dzenje lina la m'mapangamo mafupa a mtsikana wa zaka 15 kapena 16 amene adamwalira zaka zoposa 12,000 zapitazo, nthawi imene mapangawo adali asanadzaze madzi. Adamutcha Naia. Ambiri amaganiza kuti adalowamo kukafuna madzi nagwera m'dzenjelo mumdima. Ntchito yotunga madzi idayamba kale kugwera mwana wamkazi.

Madzi omwewa ndiwo ali pangozi lero. Poti thanthwelo silisefa kanthu, zonyansa zochokera m'mizinda yomakula mofulumirayi zimatsikira m'madzi amene anthu amamwa, nkukathera kunyanja. Njanji yatsopano yotchedwa Tren Maya, ya makilomita pafupifupi 1,500, imene idayamba kunyamula anthu mu December 2023, idautsa mkangano waukulu chifukwa m'madera ena mizati yake idakhomedwa kubooleza m'mapanga a madziwo. Kugombe nako kuli vuto lake: kuyambira cha m'ma 2015 ndere zofiirira za m'nyanja zakhala zikukocheza zambirimbiri m'miyezi yotentha, ndipo zikayamba kuola zimanunkha ngati mazira ovunda. M'mamawa alendo asanadzuke mumaona antchito akuzikokola ndi mafoloko ndi mawilibala kuti mchenga uoneke monga uliri pa chithunzi.

Mabwinja otchuka koposa onse ali kumtunda, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Cancún. Amenewa ndi a Chichén Itzá, dzina lotanthauza pakamwa pa chitsime cha Aitza. Pakati pake pali chinyumba chamiyala chosongoka ngati chulu, chotalika mamita pafupifupi 30, chokhala ndi makwerero kumbali zonse zinayi. Mbali iriyonse idali ndi masitepe 91, ndipo mukawaphatikiza nkuwonjezerapo nsanja ya pamwamba mumapeza 365, masiku a chaka. Kawiri pachaka, mu March ndi mu September, pamene usana ndi usiku zilingana, dzuwa likapendeka mthunzi umagwa pamakwerero a kumpoto mooneka ngati njoka ikutsika kukakumana ndi mutu wake wamwala umene uli pansi. Masiku ano salola kukwerapo. Mukaima patsogolo pa makwererowo nkuwomba m'manja, phokoso limabwerera ngati kulira kwa mbalame, ndiye poti alendo amafikako oposa 2 miliyoni pachaka ndipo aliyense afuna kuyesa, pamalopo pamangomveka ngati pabwera mfumu.

Anthu amenewa adali akatswiri a masamu ndi nyenyezi. Ankawerenga m'magulu a 20, kutsata zala za kumanja ndi za kumapazi. Kadontho kankaimira 1, kamzere kankaimira 5, ndipo adali ndi chizindikiro cha ziro chooneka ngati chigoba cha nkhono, nthawi imene ku Ulaya ziro adali asanamudziwe. Enanu mukukumbukira mphekesera ija yakuti dziko litha pa 21 December 2012 chifukwa Amaya adalosera. Iwo sadalosere zotero. Tsikulo lidali mathero a nyengo imodzi yaitali pa kalendala yawo ndi chiyambi cha ina, monga ife timachotsera kalendala yakale pakhoma.

Sikuti zonse za kumeneko nzosangalatsa. Kanjira kena kamakufikitsani pa chitsime chachikulu cha mamita pafupifupi 60 m'mimba mwake, cha madzi obiriwira osayenda, m'mene ankaponyamo nsembe kwa Chaac, mulungu wa mvula. Kuyambira mu 1904 Mmereka wina, Edward Thompson, adayamba kuvuula za pansi pake, ndipo mudatuluka golide, mikanda ya miyala yobiriwira, lubani, komanso mafupa a anthu, ambiri mwa iwo ana. Wotiperekeza ankafotokoza zimenezi ngati nthabwala, alendo nkumaseka. Ine sindidaseke nawo. Chilala chimene chingafikitse anthu popereka mwana chiyenera kuti chidali choopsa, ndipo mwana aliyense woponyedwa m'menemo adali ndi amake.

Amaya adali ndi zilembo zawo ndi mabuku awo a makungwa a mtengo. Mu July 1562, m'tauni ya Maní, wansembe wa ku Spain Diego de Landa adasonkhanitsa mabuku amene adawapeza nawatentha, ati ngausatana. Pa mabuku onse a mtunduwu atsala 4 okha: atatu ali ku Dresden, Madrid ndi Paris, limodzi ku Mexico City. Kwa zaka mazana padalibenso wodziwa kuwerenga zolembedwa pamiyala ija. Mmodzi mwa amene adatsegula chitseko ndi mayi, Tatiana Proskouriakoff, amene mu 1960 adaonetsa kuti zolembazo zimasimba za kubadwa, kulowa ufumu ndi kumwalira kwa mafumu enieni. Iye yemweyo adazindikiranso kuti ena mwa anthu osemedwa pamiyalapo atavala mikanjo yaitali, amene akatswiri aamuna ankati ndi ansembe, adali akazi.

Ndipo Amaya sadagonje mwakachetechete. Mu 1847 adaukira eni minda ikuluikulu amene ankawalanda malo, ndipo m'nkhalango za kum'mawa adadzilamulira okha mpaka mu 1901, pamene asilikali a boma adalanda likulu lawo, tauni imene lero ikutchedwa Felipe Carrillo Puerto. Cha m'ma 1870 mtsogoleri wawo ku Tulum adali mayi, María Uicab. Pa kalembera wa mu 2020 anthu oposa 770,000 adapezeka kuti amalankhula Chimaya cha ku Yucatán.

Tsiku limene ndidalikonda koposa silidali m'kabuku ka alendo. Mmodzi wa atsikana oyala mabedi aja, ataona kuti ndikufunsitsa za kwawo, adatiitana kuti tikaone agogo ake pa tsiku lake lopuma. Mudzi wawo uli kumtunda, kufupi ndi tauni ya Valladolid, maola oposa awiri pa basi, ndipo iye amapitako mwa apo ndi apo kukasiya ndalama ndi kukaona mwana wake amene agogowo akulera. Nkhani yake njodziwika kwa ife tonse amene tiri ndi ana ku Joni.

Nyumba yawo njozungulira motalikirako, ya mitengo yofoleredwa ndi masamba a kanjedza, ndipo m'katimo mulibe kama: amagona m'machila oluka ndi ulusi, omangirira ku mitanda, amene masana amawapinda. Agogowo adatilandira atavala diresi loyera la hipil, lopetedwa maluwa ofiira ndi obiriwira pakhosi ndi m'munsi. Kuseri kwa nyumba kudali nkhuku, nkhukundembo, mitengo ya malalanje, ndi ming'oma ya njuchi zing'onozing'ono zosaluma zimene Amaya akhala akuweta kuyambira kale. Koma nditalowa m'khitchini ndidaima chiriri. Pansi padali mafuwa atatu, moto uli pakati, monga kwa amayi anga.

Kucheza kwathu kudali kwa mzere: agogo alankhule Chimaya, mdzukulu atembenuze m'Chisipanishi, mwana wanga anditembenuzire m'Chichewa. Adandiuza kuti m'munda mwawo amabzala chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi, ndipo ndidati nafenso timatero. Koma mizere saidziwa, chifukwa nthaka njochepa pamwamba pa thanthwe. Amatema tchire, kutentha, nkumaboola ndi ndodo yosongoka pamene pali dothi. Ndiwo zake zidali nyemba zakuda, masamba otchedwa chaya amene amafanana ndi chigwada ndipo nawonso sadyedwa osaphika, ndi nthanga za maungu zokazinga, zopera pamodzi ndi matimati owotcha. Zimenezi zidandikumbutsa nsinjiro.

Chimanga chokha ndicho amachikonza mosiyana ndi ife, ndipo apa mumvetsetse. Iwo sakonola. Madzulo amatenga chimanga chouma chosatokosa, nachiwiritsa pang'ono m'madzi othiramo njereza yodyedwa, nkuchisiya m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa amachitsuka kangapo, makoko nkumachoka okha pochifikisa m'manja, kenaka amapita nacho kuchigayo chikali chonyowa, nabwerako ndi phala lolimba lokhoza kuumbika. Agogowo ankatapa kambulu, kukapamantha ndi nsonga za zala mpaka kukhala kopyapyala ndi kozungulira ngati mwezi, nkukaponya pa chiwaya chafulati chimene chidali pamafuwa. Kakafufuma ankakachotsa ndi dzanja nkukaika m'chikho kuti kasazizire. Timikate timeneti m'Chisipanishi ndi tortilla, m'Chimaya waaj, ndipo ndiyo nsima yawo ya m'mawa, masana ndi madzulo.

Njereza ija si yokometsera chabe. M'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin, koma ngomangika mwakuti thupi la munthu limalephera kumutenga. Njereza, ngakhalenso madzi a phulusa onga chidulo chathu, ndiyo imamumasula. Imawonjezeranso kashiamu wolimbitsa mafupa, ndiponso imachepetsa poizoni wa chuku. Azungu atatenga mbewu ya chimanga kupita nayo ku Ulaya ndi ku Afirika, nzeru imeneyi adaisiya m'khitchini mwa amayi amene sadawafunse. Zotsatira zake ndi nthenda ya pelagra, imene imagwira anthu odalira chimanga popanda ndiwo zokwanira: khungu limada ndi kukakala m'khosi ndi m'mikono momwe mumawomba dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, ndipo ikakula mutu umasokonezeka. Nthendayi idazika mizu ku Italy ndi kummwera kwa America. Kwathu kuno tidaiona ndi maso mu 1990, pamene anthu oposa 18,000 mwa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala m'misasa ya m'chigawo cha kummwera mtedza utasiya kufika pa chakudya chimene ankalandira, ndipo odwala ambiri adali amayi. Sindikuti mawa muthire laimu wopaka nyumba mumphika, chonde musayese. Njereza yake njapadera ndipo muyeso wake ngofunika kuphunzitsidwa. Koma ndidachita manyazi pofotokozera agogo aja kuti ife timakonola, gaga nkupatsa nkhuku, mphale nkuiviika masiku atatu, madzi ake nkutaya, kuti ufa uyere. Adandifunsa kawiri ngati mdzukulu wawo watembenuza bwino.

Adandipatsa kambulu kuti nane ndiyese kupamantha. Koyamba kadang'ambika pakati, kachiwiri kadatuluka ngati khutu la njovu, ana a m'mudzimo ali pakhomo kufa nazo nseko. Pofuna kuchotsa manyazi ndidapempha mphika ndi mtengo wovundulira, ndidasungunula phala lawo lija m'madzi otentha, nkumawonjezera pang'onopang'ono mpaka kulimba, ndipo ndidapakula mitanda itatu ndi chikho. Siidali nsima yoti nkupatsa apongozi, idali yachikasu ndiponso ya fungo la njereza, koma idagwirika. Ndidawaonetsa kutema, kukanya m'manja, ndi kupisa mu nyemba. Agogo adatema mbamu yaing'ono, natafuna nthawi yaitali maso ali kudenga, kenaka adalankhula mawu ochepa amene adayenda mzere wonse uja mpaka kundifika: ati limeneli ndi phala la mwana limene wophika wake adaliiwala pamoto. Atatero adatemanso mbamu ina, yokulirapo.